Sitima za adani zimene zinkapemphetsa ndalama

Lamlungu usiku, South Bend, ku Amereka

Chikwama ndalongedza: malaya anayi, juzi, chaja, mtedza wokazinga, ndi jumbo ya mandasi amene andiphikira achemwali ena a ku tchalitchi. Masiku asanu a holidewa ndinayamba kuwapempha mu Julaye, andipatsa mu Okutobala.

Anyamata amene ndimakhala nawo nyumba akundiseka. Wina akuti, "Achimwene, anzanu akapeza holide amapita ku Florida, inu mukukaona zitsulo?" Mlandu si wanga. Woyambitsa ndi agogo ena amene ndimawasamalira kuntchito, a zaka 90, amene amaiwala zimene adya m'mawa koma zakalekale amazifotokoza ngati zachitika dzulo. Tsiku lina ndikuwameta ndevu anandiuza kuti mu 1943, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ali ndi zaka 9, m'tauni yakwawo munafika chilole chachitali chitanyamula sitima yankhondo ya ku Japan, yoyenda pansi pa madzi. Ana anafola pamzere, aliyense kandalama kali m'manja kogulira sitampa imene boma linkasonkhetsera ndalama za nkhondo. Wogula ankaloledwa kukwera masitepe n'kusuzumira pa kazenera. M'katimo munali zidole ziwiri zovekedwa ngati asilikali a ku Japan. "Ndinazilota mwezi wathunthu," anatero. Kenako anandigwira dzanja la lezala lija n'kufunsa kuti, "Kodi inapita kuti?"

Ndinayesa nkhalamba ikungobwebweta. Nditafufuza ndinapeza kuti n'zoona, ndipo sitimayo ilipobe, ili ku Texas. Ina ya ku Germany, imene inagwiranso ntchito yomweyo yopemphetsa, ili pompano pa Chicago. Ndiye ndiyambira ya pafupiyo.

Mundikhululukire, m'zolembazi mawu oti sitima achuluka. Ya panjanji ndi sitima, ya panyanja ndi sitima, ya pansi pa madzi ndi sitimanso. Mudzizindikira nokha imene ndakwera.

Lolemba, Chicago

Zaka zonsezi ndakhala kuno, lero ndapusabe ndi wotchi. South Bend ili patsogolo pa Chicago ndi ola limodzi, ndiye ndatsika sitima ya panjanji ya South Shore pa 57th Street ndikudziona kuti ndafika nthawi yake, koma zitseko za Museum of Science and Industry, nyumba yoonetsera zinthu imene muli sitima ya ku Germany ija, zinali zisanatsegulidwe. Ulendo wa panjanjiwo ndi wa maola ngati awiri, ndalipira madola 15 ndi kachenji. Umadutsa mumchenga wa m'mbali mwa nyanja, kenako mumafakitale a zitsulo a ku Gary, utsi uli tolotolo.

Podikirapo ndapita kunyanja. Mphepo yake, abale, yolowa m'mafupa. Lake Michigan ndi yaikulu pafupifupi kawiri kuposa yathu, tsidya lake silioneka, ndipo pansi pake pagona sitima ina ya Ajeremani. Dzina lake UC-97. Nkhondo yoyamba itatha, mu 1919, Amereka anatenga sitima zingapo za Ajeremani zimene zinaperekedwa pogonja n'kumaziyendetsa m'madoko kuti anthu abwereke boma ndalama zolipirira nkhondo imene inali itatha kale. Iyi inapatsidwa nyanja zikuluzikulu za kumpoto kuno. Ntchito itatha, mu Juni 1921, anaikokera pakati pa nyanja n'kuiombera mpaka kumira. Imene inaombera inali Wilmette, yomwe poyamba inali Eastland, sitima ya anthu ija inagudubuzika mumtsinje wa Chicago mu 1915 n'kupha anthu 844. Ndinaima pamenepo manja m'thumba, ndikukumbukira kamfuti ka sitima ya Guendolen kamene kali pa Mangochi pafupi ndi wotchi yaitali ija. Tili ana tinkakakwera osadziwa n'komwe kuti mu Ogasiti 1914 Angerezi ndi Ajeremani analimbanapo panyanja yathu.

Polowera ndalipira madola 26, kenako enanso pafupifupi 20 oti ndilowe m'kati mwa sitima. Umatsetsereka m'kanjira kokhotakhota, zithunzi mbali ndi mbali, ndiye ukangokhota komaliza, chinthu chija chili poteropo. U-505. Mamita 76 m'litali, chagona m'chipinda cha pansi ngati chinsomba chimene asodzi alephera kuchigawana. Ndinangoti kakasi.

Inagwidwa pa 4 Juni 1944, kutatsala masiku awiri kuti asilikali a Amereka ndi anzawo atsike ku Normandy, ku France, ndipo inagwidwira kufupi ndi gombe la kumadzulo kwa Africa. Gulu la sitima za Amereka lotsogoleredwa ndi Daniel Gallery linaiponyera mabomba mpaka inatumphukira pamwamba. Ajeremani anadumphira m'madzi atatsegula polowera madzi kuti imire, koma anyamata ochepa a sitima ya Pillsbury, motsogozedwa ndi Albert David, analowamo ikuzungulirazungulira, n'kutseka. Anapezamo makina a Enigma, olembera mauthenga achinsinsi, ndi mabuku a zizindikiro zachinsinsi. Akuluakulu ku Washington m'malo mosangalala anapsa mtima, chifukwa Ajeremani akanamva akanasintha zizindikiro zonse, ntchito ya zaka n'kuwonongeka. Ndiye anaikokera ku Bermuda n'kuibisa.

Anabisanso anthu. Pa 59 amene anali m'menemo mmodzi anafa, 58 anawatengera ku Ruston, ku Louisiana, n'kuwatsekera paokha, osaloledwa kulemba kalata, a Red Cross osauzidwa. Kwawo anauzidwa kuti ana awo ayenera kuti anafa. Amayi analira maliro opanda mtembo, eni ake ali moyo.

M'kati ndalowa ndi gulu la anthu ngati 15. Ine ndine wamfupi koma mutu ndagunditsa kawiri. Mabedi ndi ochepa kuposa anthu, wina akadzuka mnzake amagona pomwepo pakadali potentha, ena amagona pambali pa mabomba. Khitchini ndi yaing'ono kuposa bafa la nyumba yathu ya lendi. Wotiperekeza anazimitsa magetsi n'kuyatsa phokoso la mabomba akuphulika m'madzi. Ndivomere, ndinagwira chitsulo mwamphamvu, mtima uli phaphapha, thukuta m'manja, ndikudziuza kuti khomo lili apo, tili pamtunda. Kamwana ka zaka ngati 7 pambali panga kankangoseka.

Germany itagonja mu Meyi 1945 chinsinsi chinatha ntchito, koma nkhondo ndi Japan inali ikadalipo ndipo ndalama zinkafunikabe. Ndiye anaitulutsa n'kumaiyendetsa m'madoko a kum'mawa monga New York ndi Philadelphia: gula bondi, ukwere sitima ya Hitler. Bondi ndi pepala losonyeza kuti wakongoza boma ndalama. Yotchuka inali ya madola 18.75, ndipo pakatha zaka 10 boma linkakubwezera 25. Amene analibe, makamaka ana, ankagula masitampa a masenti 10 kapena 25 n'kumamata m'kabuku mpaka akwane bondi. Anthu pafupifupi 85 miliyoni anagula, ndalama zonse n'kufika cha m'ma 185 biliyoni. Cholinga sichinali zipolopolo zokha. Anthu anali pantchito, malipiro akubwera, koma m'masitolo katundu anali wochepa, ndiye boma linkafuna kuchotsa ndalama m'matumba kuti mitengo isathawe.

Amene anakhalapo pa perekaniperekani akudziwa kuti munthu sapereka pouma. Pamafunika mkwatibwi aimirire, nyimbo ilire, wina aonetse mbale. Apa mkwatibwi anali sitima ya mdani.

Ngakhale kufika kuno inafika ndi chopereka. Gallery anali mwana wa Chicago, ndipo atamva kuti aimiza, anthu a mzinda uno anasonkha madola 250,000. Mu 1954 anaikoka kudzera mumtsinje wa St. Lawrence ndi nyanja zija, n'kuiwolotsa msewu wa Lake Shore Drive usiku, ataika chikwangwani chochenjeza oyendetsa galimoto kuti pano pakuwoloka sitima ya pansi pa madzi. Inakhala panja zaka 50, mvula ndi chisanu zikuidya, mpaka 2004 pamene anailowetsa m'nyumba. Lero yandidyera madola 46. Kupemphetsa sinasiye.

Ndagona pa hositelo, madola 48, chipinda cha anthu 8. Wa bedi la pamwamba amaliza mkonono ngati chigayo cha dizilo.

Lachiwiri, m'sitima ya panjanji

Texas Eagle imanyamuka pa Union Station cha m'ma 2 koloko masana. Tikiti ya mpando wamba mpaka Austin ndinagula madola 140. Chipinda chogona chinali mtengo wa lendi, ndinangochiyang'ana.

Illinois ndi chimanga chokhachokha. Kuyambira kupitirira Joliet mpaka dzuwa kupendeka, minda yosaoneka malire, chimanga chouma chili chiimire, makina akukolola fumbi lili koboo. Palibe munthu m'munda, palibe mkukwe, palibe mwana wotola zotsalira. Chambiri n'chodyetsa ng'ombe ndi kupangira mafuta a galimoto. Mayi anga akanaona akanadwala.

Tsidya la kanjira kwakhala banja la Chiamishi, bambo wa ndevu ndi chipewa, mayi, ana asanu. Kamtsikana kakang'ono kanayang'anitsitsa jumbo yanga mpaka ndinachita manyazi. Ndinapempha kwa bambo ake kaye, iwo n'kugwedeza mutu. Mandasi asanu anapita. Patapita kanthawi mayi aja ananditumizira buledi wophika okha, tchizi ndi maapozi awiri, zokulunga m'kansalu. Sitinalankhulane zambiri. Bambo aja atamva kumene ndikupita anangoti anthu a mpingo wawo sapita kunkhondo, n'kubwerera kuyang'ana pazenera.

St. Louis tafika kutada. Tawoloka Mississippi, magetsi akuvina pamadzi.

Tulo tikukana, ndiye ndakhala ndikuwerenga pafoni. Nzeru yoonetsa sitima yogwidwayi si ya Amereka okha. Mu Epulo 1916 sitima ya Ajeremani yotchera mabomba, UC-5, inatitimira mumchenga kufupi ndi Harwich. Angerezi anaikokera mumtsinje wa Thames, pa Temple Pier ku London, anthu n'kumalipira kuti aione. Chaka chotsatira anaitumiza ku New York m'zidutswa, n'kukailumikiza mu Central Park, ataipatsa dzina latsopano la nthabwala louza anthu kuti agule bondi. Ku Australia nako, sitima zing'onozing'ono za ku Japan zitalowa padoko la Sydney kumapeto kwa Meyi 1942 n'kupha amalinyero 21, anatola zidutswa za ziwiri, kuzilumikiza kukhala imodzi, n'kuizungulitsa pa lole m'matauni kusonkhetsa ndalama zothandizira amalinyero. Zikundikumbutsa ng'ona imene alenje anapha kwathu ndili mwana. Anaigoneka pabwalo tsiku lonse, aliyense anabwera kudzaiponda, ngakhale amene ankaopa kukatunga madzi.

Little Rock, 3 koloko usiku. Kukuzizira, khosi lauma, juzi ndafunditsa miyendo. Ndayamba kudzifunsa ngati anyamata aja sanali kunena zoona za Florida.

Lachitatu, Texas

Kwacha tili m'nkhalango za paini. Khofi wa m'sitima madola atatu, ndamwera mandasi omaliza amene tsopano alimba ngati mwala wa gulaye. Dallas masana, Fort Worth taima kanthawi, ndatsika kukawongola miyendo, kutentha n'kundilandira ngati Nsanje. Dzulo lomweli ndimanjenjemera ku Chicago. Banja lija latsikira panjira ndili m'tulo, kansalu kawo kanditsalira.

Austin tafika madzulo, maola pafupifupi 29 chinyamukire. Motelo madola 85. Ndasamba, ndadya ma taco atatu a pa kalavani ya pamsewu, ndagona osapemphera n'komwe.

Lachinayi, Fredericksburg

M'mawa zinthu zinandithina. Ku Fredericksburg kulibe sitima, ndipo ndinkadalira galimoto yobwereka. Pa kauntala mtsikana anayang'ana khadi langa n'kunena kuti la mtundu umenewu salandira popanda mapepala ena amene ndinalibe. Ndinachonderera, sizinatheke. Ndinakhala pabenchi panja, chikwama pamiyendo, makilomita 125 atatsala pa ulendo wa masiku atatu. Misozi inali pafupi, ndisaname.

Ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp. Wina anatumiza kwa wina, winayo kwa wina. Pasanathe mphindi 30 foni inalira. "Mwauka bwanji, baba? Muli pati?" Bambo a ku Chipata, okhala kumpoto kwa Austin, atangoweruka kumene ntchito ya usiku. Sitinaonanepo chibadwire. Anafika ndi ka Corolla kakale, maso ali psuu ndi tulo, n'kunena kuti, "Kwerani, nanenso zaka 12 kuno sindinapiteko."

Msewu wa 290 umadutsa Dripping Springs, kenako Johnson City kumene anakulira pulezidenti wakale wa Amereka Lyndon Johnson, kenako minda ya mapichesi ndi ya mphesa. Mapiri ake ndi aafupi, a miyala yoyera, mitengo yofota, mbuzi apa ndi apo. Amalume aja, pofika apa ndinali nditayamba kuwaitana choncho, anati pakufanana ndi njira ya ku Katete. Nditawafotokozera za ulendowu anakhala chete pang'ono, kenako n'kunena kuti agogo awo anamenya nkhondo ku Burma. Anganso, ndinatero, a gulu la asilikali la KAR (King's African Rifles), anachokera pa Zomba. Anabwerako ndi jombo ndi chijasi chimene ankavala ngakhale mu Okutobala, ndipo za Ajapani sankazikamba. Tinayenda mtunda ndithu osalankhula.

Fredericksburg ndi tauni imene anaiyambitsa Ajeremani mu 1846, ndipo mpaka lero masitolo ali ndi mayina a Chijeremani, soseji ndi mowa zili ponseponse. Muno ndi mmene munabadwira Chester Nimitz mu 1885, amene anadzatsogolera asilikali a pamadzi a Amereka ku Pacific. N'chifukwa chake National Museum of the Pacific War ili kuno, kutali ndi nyanja iliyonse. Amalume anafuna kudikira m'galimoto kuti agone. Ndinawagulira tikiti mokakamiza.

Sitima ya agogo aja ili m'chipinda chamdima. Imatchedwa HA-19. Pambuyo pa chinsomba cha ku Chicago, iyi ndi kapaipi chabe: mamita 24, yakuda, yopyapyala, mabomba awiri kutsogolo, anthu awiri m'kati. Inkayendera mabatire. Zinali zisanu zoterezi zimene zinaberekedwa pamsana pa sitima zikuluzikulu kukaukira doko la Amereka la Pearl Harbor, ku Hawaii, pa 7 Disembala 1941. Anthu 10, ndipo 9 anafa.

Wotsalayo anali Kazuo Sakamaki, wa zaka 23. Kampasi yake inali itafa asananyamuke, koma anapitabe. Anasochera, anagunda miyala ya pansi pa madzi kangapo, mabomba onse awiri osaponyedwa, mpweya woipa wa mabatire n'kuwakomola iye ndi mnzake Kiyoshi Inagaki. M'mawa mwa pa 8 sitima inatitimira kufupi ndi gombe la Waimanalo. Anayatsa bomba loti liiphulitse, silinaphulike. Posambira Inagaki anamira, Sakamaki mafunde anamulavulira pamchenga, msilikali wa ku Hawaii dzina lake David Akui n'kumutola. Anakhala mkaidi woyamba wa ku Japan m'manja mwa Amereka. Anapempha kuti amulole adziphe, anamukaniza.

Chimene chandikhudza ndi chimene anamuchita kwawo. Anzake 9 aja anawalemekeza ngati milungu ya nkhondo, zithunzi zawo m'manyuzipepala, koma iye anangomuchotsapo, ngati ananyamuka ali 9. Ku Amereka nako, pamene iye anali kumpanda ku Camp McCoy, ku Wisconsin, sitima yake inali pa lole. Anaiboola timazenera m'mbali, Pulezidenti Roosevelt anaiyendera ku Mare Island mu 1942, kenako inazungulira dziko, tauni ndi tauni, chidole chitakhala pampando wake. Kwawo kulibe, kuno ndi chidole. Ajeremani 58 aja chimodzimodzi: chitsulo pabwalo, anthu kuseri.

Munthuyo anakhala ndi moyo wautali. Anabwerera kwawo nkhondo itatha, analowa ntchito ku Toyota, mpaka anakatsogolera kampaniyo ku Brazil. Sitima yake inakhala zaka zambiri ku Key West, ku Florida, n'kubwera kuno mu 1991, ndipo chaka chomwecho iye anabwera ku Texas kumsonkhano wa za mbiri n'kuionanso patatha zaka 50. Anamwalira mu 1999.

Ndinayesa kufufuza pamene panali timazenera tija. Mdima ndi kutopa, maso anga sanapapeze. Amalume anaima nthawi yaitali akuyeza ndi manja kunenepa kwa sitimayo, kenako anati, "Baba, umu munthu sangalowe ali ndi maganizo obwerako." Ndinawajambula ataima pambali pake kuti agogo akaone kukula kwake.

Tadya soseji ndi kabichi wowawasa pa Main Street, madola 19 mbale imodzi. Ndalama ya mafuta anakana mpaka kukwiya. Pobwerera ndayendetsa ndine, iwo akugona pakamwa pali yasa, ine maso pa sipidomita, kuopa kuimitsidwa m'dera limene sindikudziwa aliyense. Kunyumba kwawo akazi awo anali ataphika nsima ya ufa wa m'sitolo ya Amexico, nkhuku ndi repu. Anandiyalira pa sofa. Motelo ya usiku wachiwiri yapulumuka.

Lachisanu, pabwalo la ndege

Kubwerera ndi pandege, maola osakwana atatu mpaka Chicago, njira imene ndinaiyenda maola 29. Ndawerengetsera zonse, zapitirira madola 600. Mwezi uno kumudzi alandira zochepa, ndipo sindinapeze mawu owafotokozera chifukwa chake.

Loweruka, kuntchito

Shifiti ya m'mawa. Ndinawapeza agogo ali pa njinga yawo pafupi ndi zenera, ndevu za masiku asanu zili nyankhalala, akuti anakana kumetedwa ndi wina. Za ulendo wanga anali ataiwala. Ndinawapaka sopo, n'kuwakumbutsa pang'onopang'ono, kenako ndinawapatsa foni.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti bambo waima pambaliyo ndani, ndinati amalume anga. Ndinawauza za Sakamaki, za Toyota, za Brazil. Sindikudziwa zimene zinalowa. Anapendeketsa foni ija, kuibweretsa pafupi ndi diso limodzi, ngati pali poti asuzumire.

"Zidole zija zikadalimo?"

Ndinati sindinazione.

"Bola," anatero, n'kundibwezera foni, n'kukweza chibwano kuti ndimalize.